KUFAFANIZA NDI KUKONZA MAPEPALA A MLANDU WOSUMIRA BOMA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'nthawi ya mafumu ndi alimi



Nkhani yathu lero ndi ya mirandu. Sitikamba za mirandu ya kuba kapena ya ndeu imene apolisi amatengera munthu ku khoti, iai. Tikamba za mirandu imene munthu wamba amasumira Boma, pofuna kuti limlipire chifukwa cha choipa chimene anchito a Boma amchitira. Pa mirandu yotere pali zinthu ziwiri zimene zimachitika mboni zisanaitanidwe nkomwe. Choyamba ndicho kufafaniza mapepala a mlandu. Chachiwiri ndicho kukonza mapepalawo. Munthu akhoza kukhala wolakwiridwa ndithu, mudzi wonse nkumadziwa, koma mlandu wache nkuthera pa zinthu ziwirizi, iye asanatsegule pakamwa pamaso pa woweruza. Nchifukwa chache nkofunika kuti inu amene mumatsogolera anthu muzidziwe bwino.

BWALO LA M'MUDZI NDI KHOTI LALIKULU

Inu mafumu mudziwa m'mene mlandu umayendera pa bwalo la m'mudzi. Wodandaula amafotokoza ndi pakamwa. Akaiwala kanthu nkhoswe yache imamkumbutsa, kapena nduna zimamfunsa, ndipo nkhani imatuluka pang'ono-pang'ono kufikira yonse yamveka. Palibe amene amapirikitsidwa pa bwalo chifukwa wayambira nkhani yache kumapeto. Ndiponso makolo athu adati mlandu suola. Mbuzi imene idabedwa agogo ali moyo, adzukulu akhoza kuilipira.

Ku Khoti Lalikulu zinthu siziyenda motero. Kumeneko mlandu umayambira pa pepala. Wodandaula, kapena loya wache, amalemba chikalata chofotokoza kuti iye ndani, amene wamlakwira ndani, adachita chiani, tsiku liti, pa malo ati, chimene chidaonongeka nchiani, ndiponso chimene afuna kuti khoti limchitire. Chikalatacho chimapita kwa wosumiridwa, ndipo iyenso amayankha polemba, ndime ndi ndime: apa ndibvomera, apa ndikana, apa abweretse umboni. Zikalata zimenezi ndiwo mapepala a mlandu amene tikunena.

Mapepalawa ali ngati malire a munda, ndipo woweruza salumpha malirewo. Ngati nkhani simudailembe m'chikalata chanu, simungathe kuitulutsa mwadzidzidzi pa tsiku la mlandu, ngakhale iri yoona. Lamulo ili lidaikidwa kuti munthu ali yense adziwiretu chimene akukayankha, nakonzeretu mboni zache. China chosiyana ndi kumudzi nchakuti ku khoti mlandu umaola. Malamulo adaika zaka zimene munthu ayenera kusuma zisanathe, ndipo zikatha khomo limatsekeka.

Makhoti a kuno ku Malawi adatengera njira imeneyi ku makhoti a ku England. Kwa zaka zambiri Khoti Lalikulu lathu linkatsata malamulo a kayendetsedwe ka mirandu a komweko, kufikira mu 2017 pamene lidakhala ndi malamulo ache-ache. Chotero mirandu iwiri ya ku London imene ndikufotokozereni kutsogoloku iri ndi phunziro kwa ife tomwe.

KODI BOMA LINGASUMIRIDWE?

Inde, lingasumiridwe. Kale ku Britain munthu sankatha kusumira Boma pa zolakwa za anchito ache monga m'mene amasumira mnzache, pakuti lamulo linkati Mfumu ya dzikolo singalakwe. Mu 1947 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko idasintha zimenezi. Kuno kwathu liripo lamulo la mirandu yosumira Boma ndi anchito ache. Pa mapepala, wosumiridwa amalembedwa kuti ndi Attorney General, ndiye loya wamkulu wa Boma. Koma musanasume muyenera kumlembera kalata ya chidziwitso yonena dzina lanu, kumene mukhala, chimene mukudandaula ndi chimene mufuna, ndipo mudikire miyezi 3. Miyezi imeneyi ndi yoti Boma lifufuze, kuti likaona kulakwa kwache likambirane nanu popanda kupita ku khoti. Munthu wothamangira ku khoti asanalembe kalatayi amapereka yekha kwa maloya a Boma chifukwa chopemphera kuti mlandu wache uchotsedwe.

KUFAFANIZA NKUTANI?

Kufafaniza ndiko kuti mbali imodzi ipempha woweruza kuti achotse chikalata cha mbali inayo, chonse kapena ndime zina zokha, mlandu usanafike pomva mboni. M'malamulo a ku England zifukwa zazikulu ziripo zitatu. Choyamba, ngati chikalatacho sichionetsa mlandu umene lamulo liudziwa. Chachiwiri, ngati munthu akusewera ndi khoti, monga kubweretsanso mlandu umene udaweruzidwa kale, kapena kusuma pongofuna kusautsa mnzache. Chachitatu, ngati munthu samvera malamulo a khoti, monga kulephera kupereka mapepala pa tsiku limene woweruza adalamula.

Chifukwa choyambacho ndicho chofunika kuchimvetsa. Tiyerekeze kuti mlimi wina walemba motere: "Chaka chino mvula idadula msanga, chimanga changa chidapserera, tsono Boma lindilipire." Woweruza safuna mboni pamenepa. Akhoza kubvomera kuti mvula idaduladi ndipo chimanga chidapsereradi, koma palibe lamulo lopatsa Boma mlandu wa mvula. Chikalata chotere amachifafaniza. Tsono mlimi wina walemba kuti: "Pa tsiku lakuti-lakuti galimoto la Boma, loyendetsedwa ndi dalaivala wa Boma ali pa nchito, lidathamanga mosasamala pa mseu wa m'mudzi mwathu nkugunda ng'ombe zanga ziwiri zokoka ngolo, ndipo mtengo wa ng'ombezo ndi wakuti." Boma likhoza kukana, nkunena kuti ng'ombezo zidalowa mumseu mwadzidzidzi. Koma uko nkutsutsana pa zimene zidachitika, ndipo kumafuna mboni. Chikalata chotere woweruza sachifafaniza.

Onani tsono kuti pofafaniza woweruza sakunena kuti wabodza ndani. Iye amadzifunsa funso limodzi: ngakhale zonse zolembedwazi zitakhala zoona, kodi pali mlandu pano? Ndipo oweruza amasamala kwambiri, pakuti kubweza munthu osamumva ndi chinthu chachikulu. Amafafaniza pokha-pokha pamene palibe chokayikitsa. Kawiri-kawiri sagwetsa mtengo wonse, amangodulira nthambi zouma nasiya zamoyo kuti zipite ku mlandu.

Mwina mufunsa kuti, nanga maloya a Boma amakondera chiani njira imeneyi? Ndalama zimene Boma limalipira likagonja ndi za msonkho wa anthu onse, ndipo mlandu wautali umadya ndalama zambiri. Chotero loya wa Boma akaona chikalata chofooka, nchito yache ndiyo kupempha kuti chichotsedwe msanga. Koma palinso mbali ina. Pa mirandu yambiri makalata ndi mabuku osonyeza chimene chidachitika ali m'maofesi a Boma lomwelo, ndipo wodandaula sangawaone kufikira khoti litalamula kuti atulutsidwe. Mlandu ukafafanizidwa msanga, makalatawo sadzaoneka konse. Woweruza wanzeru amayesa mbali zonse ziwirizi.

KUKONZA NKUTANI?

Palibe mlembi wosaphonya, ndipo lamulo lidziwa zimenezi. Nchifukwa chache pali njira yokonzera mapepala. Munthu akhoza kusintha tsiku limene lidalembedwa molakwa, kuonjezera nkhani imene idatsala, kapena kufotokoza bwino pamene padali posamveka. Chikalata chisanafike kwa wosumiridwa kukonza nkosabvuta. Koma mlandu ukapita patsogolo pamafunika kuti mbali inayo ibvomere, kapena woweruza apereke chilolezo.

Popereka chilolezo woweruza amafunsa mafunso awa. Mwachedwa chifukwa chiani? Kodi kukonzaku kumpweteka mnzanuyo m'njira imene ndalama sizingabwezere, monga ngati mboni zache zidamwalira kale? Kodi nkhani yatsopanoyi iri ndi mutu? Ndipo ngati zaka zosumira zidatha kale, kodi mukungowongola mlandu womwe uja, kapena mufuna kulowetsa mlandu wina watsopano mobisa? Mlandu watsopano wosachokera pa nkhani zimene zidalembedwa kale, nthawi itatha, kawiri-kawiri saulola. Dziwaninso kuti wokonza ndiye amalipira ndalama zimene mnzache wataya chifukwa cha kukonzako.

Inu alimi mudziwa za kupakiza. Chimanga chikamera ndi mipata, mukapakiza m'sabata loyamba mbeu zimakulira pamodzi. Koma wopakiza chinzache chitafika m'chiuno amangotaya mbeu. Kukonza mapepala kulinso chimodzi-modzi. Kufafaniza ndi kukonza zimayendera pamodzi, pakuti Boma likapempha kuti chikalata chifafanizidwe, loya wochenjera amabwera ndi chikalata chokonzedwa m'manja, napempha kuti chilowe m'malo mwa chakalecho. Ngati bvuto liri la kalembedwe chabe, woweruza amakonda kulola kukonza koposa kupha mlandu.

MLANDU WA NKHALAMBA ZA KU KENYA

Tsopano imvani m'mene zinthu izi zidachitikira pa mlandu weni-weni. Mu October 1952 Boma la atsamunda ku Kenya lidalengeza kuti dziko liri pa ngozi chifukwa cha nkhondo ya Mau Mau, ndipo malamulo a nthawi ya ngoziwo adakhalapo kufikira mu January 1960. M'zaka zimenezo anthu zikwi zambiri, makamaka a mtundu wa Kikuyu, adatsekeredwa m'makampu, ndipo ambiri adamenyedwa ndi kuzunzidwa koopsa. Pa 3 March, 1959, tsiku lomwe lija limene Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza za ngozi kuno ku Nyasaland namanga atsogoleri a Congress, akaidi 11 adamenyedwa mpaka kufa pa kampu ya Hola ku Kenya. Dziko la Kenya lidayamba kudzilamulira pa 12 December, 1963.

Mu June 2009, patapita zaka pafupi-fupi 50 chithere nthawi ya ngozi ija, nkhalamba 5 za ku Kenya, amuna 3 ndi amai 2, zidasumira Boma la Britain ku Khoti Lalikulu la ku London chifukwa cha mazunzo a m'makampu. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la Mutua, ndiye woyamba pa mndandanda wa odandaula. Boma la Britain lidapempha kuti chikalata chao chonse chifafanizidwe mboni zisanamveke. Maloya ache adati Boma la atsamunda ku Kenya lidali boma lapadera, losiyana ndi Boma la ku London, ndipo ngati padali mangawa, sadali a London. Kunena mwachidule, adati nkhalambazo zidagogoda pa khomo la eni ena.

Koma maloya a nkhalambazo sadamange nyumba yao pa mzati umodzi. Mzati wina udali wakuti mangawa a Boma la atsamunda adagwera Britain pa tsiku limene Kenya idalandira ufulu. Wina udali wakuti asilikali a Britain ndi ofesi ya ku London yoyang'anira maiko a atsamunda adali nao limodzi pa njira ya mazunzoyo. Winanso udali wakuti Britain idali ndi udindo wochinjiriza akaidiwo koma idalekerera.

Mlandu uli mkati padatuluka chinthu chodabwitsa. Akatswiri a mbiri ya kale amene ankathandiza odandaula, monga David Anderson, ankanena kuti pali makalata amene adachotsedwa ku Kenya ufulu usanafike. Khoti litalamula kuti Boma lifune bwino-bwino, mu January 2011 mafailo a ku Kenya okwana ngati 1,500 adapezeka m'nyumba ya Boma pa malo ochedwa Hanslope Park ku England. Mu April chaka chomwecho Boma lidauza Nyumba ya Malamulo kuti mafailo onse osungidwa motero adali ngati 8,800, ochokera m'maiko 37 amene kale adali pansi pa Britain. Pakati pa amenewo padalinso a ku Nyasaland. Mlandu uja ukadafafanizidwa pa chiyambi pomwe, ndani akadadziwa za mafailo amenewa?

Pa 21 July, 2011, woweruza McCombe adapereka chigamulo chache. Mzati uja wakuti mangawa adagwera Britain pa tsiku la ufulu adaufafaniza, pakuti adaona kuti lamulo siliuchirikiza. Koma za asilikali, za ofesi ya ku London ndi za kulekerera adakana kuzifafaniza. Adanenetsa kuti sakugamula kuti Britain ndi yolakwa, koma kuti nkhani zimenezi nzoyenera kumvedwa ndi mboni ndi makalata.

Pamenepo Boma lidatseka khomo lachiwiri, ndilo la nthawi. Lamulo la ku England limapatsa munthu wobvulazidwa zaka 3 kuti asume, koma limalolanso woweruza kutsegula khomo ngati aona kuti mlandu ukhoza kuweruzidwabe mwa chilungamo. Pofika mu July 2012 awiri mwa nkhalamba zija adali atamwalira. Atatu otsalawo adakapereka umboni ku London, ndipo loya wa Boma adanena pamaso pa khoti kuti sakutsutsa kuti iwo adazunzidwadi ndi anchito a Boma la atsamunda. Pa 5 October, 2012, woweruza yemweyo adagamula kuti mlandu wa atatuwo upitirire, pakuti makalata adalipo ochuluka okwanira kuunikira zimene zidachitika.

Boma silidadikirenso mlandu waukulu. Pa 6 June, 2013, nduna yoona za maiko akunja, William Hague, idauza Nyumba ya Malamulo kuti Boma lilipira £19,900,000, kuphatikizapo ndalama za maloya, pothetsa madandaulo a anthu 5,228. Ndunayo idati Boma silibvomera kuti liri ndi mlandu mwa lamulo, koma idabvomera kuti anthu adazunzidwa, ndipo idanena kuti Boma likumva chisoni kweni-kweni. Mu September 2015 chipilala cha chikumbutso, cholipiridwa ndi Britain, chidatsegulidwa ku Uhuru Park mu mzinda wa Nairobi.

Taonani kuti mlandu umenewu sudafike pozengedwa wonse. Nkhondo yache idamenyedwa pa mapepala. Chikalata chikadakhala ndi mzati umodzi wokha uja umene woweruza adaufafaniza, nyumba yonse ikadagwa tsiku lomwelo, ndipo anthu 5,228 sakadalandira kanthu.

MLANDU WACHIWIRI UMENE UDALEPHEREKA

Koma nkhani siithera pamenepo. Anthu ena a ku Kenya oposa 40,000 adasumanso Boma la Britain pa mlandu wodziwika ndi dzina la Kimathi. Popeza khoti silingamve anthu ochuluka chotero mmodzi-mmodzi, padasankhidwa anthu owerengeka kuti mirandu yao ikhale yoyesera. Mlanduwo udayamba kuzengedwa mu May 2016 pamaso pa woweruza Stewart, ndipo udatenga masiku oposa 200 a khoti.

Mu 2017, odandaula atapereka kale umboni wao, maloya ao adapempha kukonza mapepala. Ankafuna kusintha zaka ndi miyezi imene zinthu zidachitika, ndiponso kuonjezera madandaulo ena amene sadalembedwe poyamba. Woweruza adalola zina, koma zina adakana chifukwa zidadza mochedwa. Maloya a Boma adali atafufuza kale m'mafailo ndi kufunsa mboni potsata masiku amene adalembedwa poyamba, ndipo kusintha masikuwo kukadakhala kuyambanso nchito yonse.

Mu August 2018 woweruza adakana mlandu woyesera woyamba. Chigamulo chache chidagona pa kuchedwa. Anthu amene ankanenedwa kuti ndiwo adazunza adali atamwalira kapena sadadziwike maina, makalata onena za wodandaulayo adali osowa, ndipo masiku sadali otsimikizika, kotero kuti Boma silikadatha kudziyankhira moyenera. Mlandu woyesera wachiwiri udathanso chimodzi-modzi chaka chomwecho, ndipo mirandu ya anthu onse aja idathera pomwepo. Dziko lidali lomwelo, nyengo ya mazunzo idali yomweyo, khoti lidali lomwelo, koma mathero adasiyana. Madzi akatayika saoleka.

ZOYENERA KUCHITA

Tsono tibwerere kumudzi. Mirandu yathu si yaikulu ngati ya ku Kenya. Ndi ya munda umene mseu wadutsamo popanda chipepeso, ya ng'ombe yogundidwa, ya munthu wotsekeredwa popanda chifukwa, ya mbeu zimene munthu adagulitsa ku Boma koma sadalipidwe. Koma misampha yache ndi yomweyo, ndipo njira zoilewera ndi izi.

Choyamba, lembani tsiku lomwelo. Lembani tsiku, mwezi ndi chaka, malo, nambala ya galimoto, dzina kapena udindo wa wanchito wa Boma, ndi maina a anthu amene adaona. Kunena kuti "chidali chaka cha njala" kapena "nthawi yokolola" kumamveka pa bwalo la m'mudzi, koma ku khoti kumabala mafunso. Inu anyakwawa, sungani buku la m'mudzi, ndipo chinthu chotere chikachitika chilembeni m'menemo pamaso pa mboni. Ngati simudziwa kulemba, itanani mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Mizere isanu yolembedwa tsiku lomwelo iposa mau ambiri okumbukira patapita zaka khumi.

Chachiwiri, sungani pepala liri lonse: malisiti, makalata ochokera kwa Bwana D.C., chikalata cha ku chipatala, lipoti la apolisi, kalata ya alangizi a ziweto. Ikani m'chitini chotseka bwino kuti chiswe ndi mvula zisaononge. Mukamapereka pepala ku ofesi, perekani lojambula, leni-lenilo likhale kwa inu.

Chachitatu, musachedwe. Lamulo lathu limapereka zaka 3 kwa munthu wobvulala m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, ndi zaka 6 pa mirandu ya pangano ndi ngongole. Miyezi 3 ya chidziwitso ija muiwerengere kale, isadzakupezeni nthawi iri pafupi kutha. Kalaliki akakuuzani ndi pakamwa kuti "mubwere mwezi wa mawa, zikukonzedwa," dziwani kuti masiku a lamulo akuwerengedwabe.

Chachinai, muuzeni loya wanu zonse pa ulendo woyamba, ndi zomwe zimene zikuoneka ngati zokutsutsani. Iye ndiye adziwa mizati ingati imene ingaimike nyumba yanu, koma sangaimike ndi mitengo imene simudampatse. Chikalata chikalembedwa m'Chingerezi, pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa ndime ndi ndime musanasaine kapena kudinda chala. Safunsa adadya phula.

Chachisanu, mukaona cholakwa m'chikalata, nenani msanga, ngakhale chiri chaching'ono. Ngati alemba ng'ombe zitatu pamene zidali ziwiri, kapena alemba March pamene udali April, musati tikakonzera konko pa tsiku la mlandu. Tsiku limenelo loya wa Boma adzagwira pomwepo nafunsa kuti, ngati apa mudalakwitsa, kwinaku tikukhulupirireni bwanji?

Chachisanu ndi chimodzi, mukalandira pepala lakuti Boma lapempha kuti mlandu wanu ufafanizidwe, musataye mtima ndipo musalibise pa denga. Pempho si chigamulo. Pitani nalo kwa loya msanga, kuti ayankhe pa nthawi yache, ndipo ngati pali pofooka apemphe chilolezo chokonza. Anthu osowa ndalama zolipira loya akhoza kukapempha chithandizo ku Legal Aid Bureau, ndilo bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo kuti lithandize osauka pa mirandu.

Chotsiriza ndi cha inu mafumu makamaka. Ngati mudzi wonse walakwiridwa pamodzi, monga pamene minda yambiri yatengedwa, sikokwanira kulemba kuti "anthu anga ataya minda." Munthu ali yense alembedwe dzina lache, kukula kwa munda wache, mbeu ndi mitengo imene idali m'menemo, ndi tsiku limene adautaya. Ndipo musalole kuti munthu amene sadataye kanthu alowe pa mndandanda chifukwa ndi mbale kapena mkamwini. Dzina limodzi labodza likapezeka limadetsa maina onse oona, ndiponso wogonja pa mlandu kawiri-kawiri amalamulidwa kulipira ndalama zimene mnzache wataya. Chidindo cha mfumu chikhale pa zoona zokha-zokha.

Sindikunena kuti muzithamangira ku khoti pa kanthu kali konse. Madandaulo ambiri amatha bwino pokambirana ku ofesi ya Boma, ndipo nchifukwa chache lamulo lidaika miyezi ya chidziwitso ija. Koma pokambirana pomwepo, munthu amene ali ndi masiku olembedwa, mapepala osungidwa ndi mboni zodziwika amamvedwa msanga koposa wobwera chimanja-manja, pakuti a ku ofesi amaona kuti mlandu wache ukapita ku khoti sudzafafanizika.

Mafumu ndi anyakwawa, mukaitana msonkhano wa m'mudzi muwafotokozere anthu anu zimenezi, makamaka za kulemba masiku ndi za kusachedwa.